Alendo a ku Maputo Amene Sanafike ku Lunho

Lunho, 13 Março 1983

Kwa mwana wanga Basílio,

Landira moni wa atate ako. Ife kuno tadzuka, kaya iwe kumeneko. Wolankhula ndine, wolemba ndi mlongo wako Florinda, ndipo ndamuuza kuti asawonjezere mawu ake kapena kuchotsa anga.

Kalata yako inafika ndi galimoto ya ku Metangula. Wanena kuti gulu lanu la zisudzo la ku yunivesite lidzayenda m'zigawo, ndipo mwezi wa Setembro mudzafika kuno ku Lago. Florinda atamaliza kuwerenga ndinamuuza ayambirenso. Tsiku limenelo kunyanja sindinapite.

Ukudziwa zimene anthu akhala akunena chiyambire pamene akuluakulu aja anakuona ukusewera pa sukulu ku Lichinga n'kukutenga. Ana a anthu ena amapita ku Maputo kukaphunzira mankhwala kapena makina. Ine akandipeza ndikusoka ukonde amati, "A Mkwinda, dotolo wanu wa magule uja ali bwanji?" Ndimangoluma ulusi. Zaka ziwiri ndakhala ndikuluma ulusi. Tsopano adzaona ndi maso awo.

Ndakhala kaputeni wa mganda wa mudzi uno iwe usanabadwe, ndipo mwambo ndikuudziwa. Gulu likamabwera kudzavina kwawo kwa mmodzi wa ana ake, silifikira kunyumba ya boma ngati anthu opanda abale. Limaitanidwa. Limalandiridwa pamsewu ndi ng'oma ndi malipenga, ndipo mlendo aliyense amapatsidwa khomo lake lodyako ndi kugonako. Ndakhala pansi ndi akuluakulu a mganda, tagwirizana. Kalata ino ndiko kuitana kwathu. Ukaipereke kwa mkulu wanu ndi manja awiri, umuuze kuti mukachoka ku Metangula mudzagona ku Lunho.

Undiyankhe izi: mulipo angati, akazi ndi angati, ndani sadya nyama yosazinga. Ngati sopo akupezeka ku Maputo utumize, chifukwa zovala zoyera za mganda zayamba kufanana ndi dothi, ndipo ku loja, sitolo yathu ija, kwatsala sikelo yokha.

Ndine atate ako,
Bartolomeyo Mkwinda


Maputo, 24 Abril 1983

Atate,

Ndakondwa kumva kuti muli moyo pamodzi ndi achemwali. Ine ndili bwino, kungoti kabichi watikwana. Masana kabichi, madzulo kabichi.

Kalata yanu ndinawamasulira a diretoro athu m'Chipwitikizi. Anaseka, kenako anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali, nati chiyambire ntchitoyi palibe anawaitanapo chotero. Koma Atate, ndikupempheni, musavutike. Zimene timachita si mganda. Timalankhula kwambiri kuposa kuvina. Sewero la chaka chino ndi la mlimi amene anakana kulima thonje la atsamunda. Ine ndimakhala sipayo, msilikali wankhanza uja womenya anthu m'manja. Mwezi watha tikusewera kunja kwa tauni mayi wina anandigenda ndi chitsononkho pamphumi, akukuwa kuti galu iwe. A diretoro anati amenewo ndiwo mayeso, ndipo ndakhoza.

Tilipo makumi awiri ndi awiri, akazi asanu ndi mmodzi. Koma ulendowu sunatsimikizike. Kamiyau yathu yonyamula anthu ndi katundu ilibe matayala, ndege ya ku Lichinga imafuna chilolezo, ndipo misewu ina nkhondo yaitseka. Tikabwera tidzadya chimene tidzachipeze. Musakonze kalikonse. Ndikubwereza, Atate, musakonze kalikonse.

Sopo kulibe kunonso. Ndaika singano zitatu m'kalata muno.

Mwana wanu,
Basílio


Lunho, 5 Junho 1983

Mwana wanga Basílio,

Moni. Tili moyo. Singano zafika zonse.

Mawu a mkulu wanu ndawamva, ndipo ndaona kuti ndi munthu woleredwa. Mlendo waulemu amatero kumene: musavutike, musakonze kanthu. Ifenso kale tikamawoloka kukavina ku Likoma tinkatsogoza mawu omwewo, koma tikanapeza miphika yozizira bwenzi tikuwaimba mpaka lero. Wanena kawiri, ndiye kuti ulemu wawo ndi waukulu. Za matayala usade nkhawa, Setembro ali patali.

Makomo tagawa kale. Mkulu wanu adzagona kwa ine, ndamumangira chipinda cha bango. Atsikana adzagona kwa a Mariamo, amasiye aja a pafupi ndi chitsime. Banja lililonse likupereka dengu la makaka kuti tisinje ufa. A Mfaume a ngalawa, ngakhale iwo savina nafe, apereka mbuzi ndipo adzazinga okha. Abweretsanso mchere kuchokera kutsidya. Usafunse kuti awoloka nawo bwanji.

Ndatumanso mawu kwa a mganda a ku Nkholongue, adani athu a pabwalo aja, kuti abwere adzaone alendo amene Lunho amalandira. Tsiku taika Loweruka lomaliza la Setembro. Anyamata akuyeserera tsiku ndi tsiku. Mapazi awo ndi olemera, si ngati ako, koma ndiwawongola.

Sekeretariyu wa mudzi, Silasi uja munkaphunzira naye, anandifunsa ngati pali kalata ya boma yonena za ulendowu. Ndinamuyankha kuti mawu a mwana wanga ndiwo kalata. Iye anati, "Chabwino a Mkwinda, mutu ndi wanu."

Ndine atate ako,
Bartolomeyo Mkwinda

Basílio, apa ndikulemba ndine Florinda, Atate atuluka. Chinangwa chimene anthu akupereka ndi chimene akanadya mu Janeiro, akukumba chisanakhwime. Mvula inavuta chaka chino. Manja anga atupa ndi munsi. Ngati simubwera unene poyera, m'Chinyanja chimene Atate angamve. Usanene mwaulemu.


Maputo, 17 Julho 1983

Atate,

Moni. Achemwali anati ndinene poyera, ndiye ndikunena poyera. Sitibwera. Gulu kulibenso.

Lolemba lapitali tinapita kukayeserera monga mwa masiku onse, tinapeza pachitseko cha holo pali loko watsopano. Amene anatiuza ndi mlonda. Akuti yunivesite ilibe chakudya chodyetsa anthu osewera pamene dziko lili pa nkhondo. Kamiyau yapita kwa asilikali. M'holo muja, mmene tinakhoma tokha matabwa oimapo, aunjikamo matumba. A diretoro awatumiza kukaphunzitsa kuchigawo china. Sanatitsanzike, anangosiya kiyi wa bokosi la zovala kwa mlonda, ngati kuti zipewa ndi ndevu za thonje tingazidye.

Anzathu amene ankaphunziranso zamalamulo kapena zaulimi abwerera ku makalasi awo. Ena tikakumana nawo amayang'ana kumbali. Koma ife amene tinatengedwa m'zigawo chifukwa cha sewero lokha tilibe kalasi ina yolowamo. Atilanda makadi a sukulu, atitulutsa kogona, kodyera maina athu afufuta. Ndinapita ku ofesi kukafunsa ngati angatilembere kalata yosonyeza zaka ziwiri zimene taphunzira. Mayi wa pa taipi anati, "Tilembe kuti mwaphunzira chiyani?" Carolina, amene ankakhala mkazi wa mlimi m'sewero lija, amene ankaliza holo yonse, wapita kukakhala ndi bambo wina wamkulu wa kudoko chifukwa choti ali ndi nyumba. Ine ndi Abdala, mnzanga wa ku Pemba, tikugona pakhonde la munthu.

Choopsa ndi ichi. M'tauni muno akugwira aliyense wopanda khadi la ntchito kapena la sukulu. Akuti ndi anthu opanda phindu, ndipo akuwakweza ndege kupita nawo kutchire. Tikuyenda motsata makoma.

Auzeni anthu msanga, Atate. Abwezereni makaka awo. Manyaziwo ndi anga, muwaike pa ine.

Mwana wanu,
Basílio


Lunho, 2 Outubro 1983

Basílio,

Moni ndikukupatsa chifukwa ndi mwambo. Chiyambire singano zija sindinaone chilembo chako. Akuti makalata akuunjikana ku Cuamba poti sitima siikuyenda bwino. Kaya ako aunjikana nawo, kaya sunalembe, ukudziwa ndiwe.

Loweruka lija linafika. Zovala tinachapa ndi phulusa, tinasita ndi makala. A ku Nkholongue anafika Lachisanu pa mabwato awo. Anthu anatsika mpaka ochokera kumapiri a Maniamba, ana kumsana. Mbuzi inazingidwa m'mawa. Tinafola pamsewu wa ku Metangula, ine patsogolo ndi ndodo yanga. Fumbi litaoneka ndinakweza dzanja, ng'oma zinalira, amayi anayamba nthungululu. Inali galimoto ya asilikali. Anatsika, anatiombera m'manja, anadya mbuzi ya a Mfaume, ananyamula ufa umene anaufuna, napita.

Masana asilikali atapita, kaputeni wa ku Nkholongue anabwera kudzandigwira dzanja pamaso pa anthu. Anati, "A Mkwinda, alendo anu ndi aulemu zedi. Mphasa sanadetse, madzi osamba sanathe." Kenako anyamata ake analowa m'bwalo ndi nyimbo imene anaipeka pomwepo: dotolo wa ku Maputo wabwera pa ndege ya mphepo, mwamuona inu? Anavina bwino, sindinganame. Ana a mudzi wathu womwe akuiimba tsopano popita kukatunga madzi, ndipo akandiona amangotsitsa mawu, sasiya.

A Mariamo anapereka dengu lawo lomaliza. Sananditukwane. Anangondifunsa kuti, "Nanga mu Janeiro tidzadya sewero?" A Mfaume anati za mbuzi tisakambe, ndipo kusakambako kukundiwawa kuposa nyimbo.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi akuluakulu anakhala pansi, ndodo ya ukaputeni anaipereka kwa wina. Sindinatsutse. Mwambo ndi womwewo: woitana alendo abodza satsogoleranso gule. Ndine amene ndinaweruza chotero pa munthu wina kale.

Ndinakulera ndekha amayi ako atamwalira. Kulemba sindinakuphunzitse chifukwa sindikudziwa, koma ndinakuphunzitsa kuti mawu akatuluka mwini wake amawatsatira pambuyo. Ngati ku yunivesite amakuphunzitsani kunama pamaso pa anthu n'kumaomberedwa m'manja, ntchitoyo ukanaisiya komweko, osaibweretsa pa atate ako.

Usandiyankhe ndi singano.

Bartolomeyo Mkwinda


Kumunda wa boma, kumpoto kwa Lichinga
9 Novembro 1983

Atate,

Moni. Ndili moyo. Kalata ino ndapatsira woyendetsa thirakitala. Sindikudziwa ngati ya Julho ija inakupezani, chifukwa chichokereni ku Maputo sindinalandire kanthu.

Ndili ku Niassa, Atate. Ndinafika pa ndege. Anatigwira mu Agosto, ine ndi Abdala, tili pamzere wa buledi. Wofunsa mafunso anati, ntchito yako n'chiyani? Ndinati wosewera zisudzo wa ku yunivesite. Anati, onetsa khadi. Mlandu unathera pomwepo.

Kuno tikugwetsa mitengo ndi kuzula zitsa. Mvula yayamba, misasa ikudontha. Ambiri ndi anthu a kum'mwera amene sanagwirepo nkhwangwa, ndipo chilankhulo cha kuno sachimva. Mkulu wa pano atamva kuti ndife a zisudzo anatiuza tikonze sewero la alendo ochokera ku Lichinga, loonetsa mmene ulesi wa m'tauni wachokera m'matupi mwathu. Tinasewera. Alendo anaseka, ife anatipatsa mbale yachiwiri ya nyemba. Abdala anadya. Inenso ndinadya.

Pali njira imodzi yotulukira. Munthu amene kwawo ndi m'chigawo chino amamasulidwa ngati kholo lake libwera ndi pepala la sekeretariyu wa mudzi, lonena kuti uyu ndi mwana wathu, m'tauni analibe ntchito, munda woti alime ulipo. Ena apita kale chotero. Mukamuone Silasi. Fulumirani, Atate, chifukwa asilikali amabwera pano kudzasankha anyamata amphamvu, ndipo amene amutenga pepala silimutsatanso.

Ndikudziwa kuti ndakuchititsani manyazi. Mudzandikalipire ndili pakhomo.

Mwana wanu,
Basílio


Lunho, 8 Janeiro 1984

Mlongo wanga Basílio,

Moni. Atate sakudziwa kuti ndikulemba.

Makalata ako awiri, ya Julho ndi ya Novembro, anafika tsiku limodzi Khirisimasi ili pafupi. Ndinawawerengera onse motsatana. Anamvetsera, kenako anapinda ukonde. Iwo anakulembera kalata mu Outubro, inapita ku Maputo, sunaione, ndipo ndi bwino kuti sunaione. Ungodziwa kuti anavala zoyera, anadikira pamsewu tsiku lonse mudzi uli kumbuyo kwawo, kunabwera asilikali okha, ndipo ukaputeni anawalanda.

Ndinapita ndekha kwa Silasi. Akuti pepala lotere salembera m'nyumba. Kholo liyenera kuimirira pamsonkhano wa mudzi n'kunena ndi pakamwa pake kuti mwana wanga analibe ntchito, anamugwira monga wopanda phindu, ndikupempha mudzi umulandire. Ndinati ndinena ndine. Anati, "Ayi Florinda. Amene anati mawu a mwana wake ndiwo kalata abwere adzanenenso awa."

Atate akuti sangathe. Akuti anthu akudya mango aawisi chifukwa cha iwo, ndiye akaime pamaso pawo kupempha? Misonkhano iwiri yadutsa, iwo akupita kunyanja. Ndinawauza kuti manyazi sapha munthu koma mfuti imapha. Anati ndatenga pakamwa pa amayi.

Ndiwakakamizabe. Pirira. Ndatumiza usipa pang'ono, ngati wa thirakitala saudya panjira.

Mlongo wako,
Florinda


Lunho, 25 Março 1984

Kwa msilikali Basílio Mkwinda, kulikonse kumene kalata ino idzamupeze.

Mwana wanga,

Moni wa atate ako. Wolankhula ndine, wolemba ndi Florinda. Tipatsira sajeni wina wa ku Metangula amene akuti adzafunsa dzina lako.

Ndinaimirira pamsonkhano mu Fevereiro. Mawu onse ndinanena monga Silasi anafunira, sindinameze ndi limodzi lomwe. Palibe anaseka. Bola akanaseka. A Mariamo, owonda ngati bango, ndiwo anayamba kulankhula. Anati mwana abwere, khasu silisankha dzanja. Silasi analemba, anamenya chidindo.

Ndinadikira koluna, magalimoto aja oyenda pamodzi ndi asilikali, chifukwa msewu wa ku Lichinga tsopano munthu sayenda yekha, akuti matsanga, zigawenga zija, aoneka m'mapiri. Kuchokera ku Lichinga kwina ndinakwera, kwina ndinayenda pansi. Nditafika kumunda wa boma uja ndinapereka pepala ndi manja awiri. Mlembi analiwerenga nati ndi pepala labwino, lilibe cholakwika, koma mwini wake asilikali anamutenga kumapeto kwa Janeiro. Kumene anapita nawe sakudziwa. Florinda wasiya kulemba akundiyang'ana. Lemba, mwana iwe, miyezi ndimaidziwa, ndachedwa ndine.

Abdala mnzako anamusiya chifukwa cha chifuwa. Anandidziwa ndili patali, ndisanatchule dzina. Anakuwa kuti, "A kaputeni! Kayendedwe komweko!" Anthu anatuluka m'misasa kudzandiona, akumwetulira ngati ndine m'bale wawo. Ndinafunsa kuti mwandionapo kuti? Abdala anagwetsa nkhope, koma anzake anamukankha kuti anene. Akuti masabata ako omaliza, ntchito ikatha, unkawasewerera nkhalamba ya kunyanja yodikira alendo pamsewu. Akuti anthu amene anali asanasekepo chiwachotsereni ku Maputo ankaseka mpaka kugwirana. Ndinati ndionetseni. Anati, "Bambo, musatero." Ndinati ndayenda ulendo wautali kudzaona sewero, ndionetseni.

Anatola phesi la chimanga kukhala ndodo. Anakweza chibwano. Anaitana ng'oma ndi dzanja monga ndimachitira, anayang'ana fumbi patali, anatsokomola kutsokomola kwanga kwenikweni. Ndinadziona ndekha m'thupi la mwana wa ku Pemba amene sanapondepo ku Lunho, ndipo iye akuti chimenecho ndi chithunzithunzi chabe cha mmene unkachitira iwe. Anthu anayamba kuseka, akandiyang'ana n'kusiya, kenako n'kuyambanso.

Ndiye gulu lanu ndaliona tsopano: munthu mmodzi wodwala chifuwa, pabwalo la zitsa. Ntchito yako unaidziwa, Basílio. Amene anaika loko pachitseko chija sanaone zimene ndaona ine. Ku Lunho ndikanena palibe adzandikhulupirire, ndipo sindinena.

Pepala ndili nalo. Akuti kwa asilikali siligwira ntchito, koma ndalisunga. Munda wako ndi uja wa kumtsinje. Udzu ukumeramo, koma palibe adzautenge ine ndili moyo.

Chinthu chimodzi ukonze ukadzaseweranso. Pothera pake nkhalamba yako imakhala pansi m'fumbi, imavula chipewa n'kumalira. Florinda waulula kuti anakulembera za tsiku lija, koma zimenezo sanakuuze, chifukwa sizinachitike. Ndinaima, Basílio. Anthu onse atabalalika ndinali chiimire, chipewa chili kumutu.

Ndine atate ako,
Bartolomeyo Mkwinda